Magetsi Oyenda Pakhungu la Waya: Nzeru Yofunika kwa Wokulunga Koilo M'munsi mwa Phiri la Mulanje

M'wailesi iliyonse, kaya ndi yaing'ono ya mabatire imene mlimi wa nandolo wa ku Migowi amapita nayo kumunda, kaya ndi makina aakulu oulutsira mawu amene amaikidwa pansi pa nsanja, muli kachipangizo kotchedwa koilo, komwe ndi waya wokulungidwa m'mikombero ingapo, ndipo ntchito yake, mothandizana ndi kapasita, ndi kusankha wailesi imodzi pakati pa mafunde ambirimbiri amene eriyo yakola. Koilo ndi chimodzi mwa zipangizo zochepa za m'wailesi zimene munthu angathe kudzipangira yekha ndi manja, ndipo n'chifukwa chake amisiri okonza mawailesi, ana asukulu okonda sayansi ndi achinyamata okonda kuyesayesa zinthu amayamba nayo. Komabe ambiri mwa iwo amasankha waya potengera zimene akudziwa za magetsi a batire kapena a m'nyumba, pamene magetsi a m'wailesi ali ndi khalidwe lina: sayenda m'waya monse, koma amathawira kunja n'kudziunjika m'kachigawo kopyapyala ka pamwamba pake. Khalidweli akatswiri amalitcha skin effect, ndipo ndilo limalamula mtundu wa chitsulo, kukula kwa waya ndi kakulungidwe koyenera koilo yabwino.

Phiri, mafunde ndi kufunika kwa koilo yabwino

Boma la Phalombe, lomwe kale linali gawo la boma la Mulanje, lili kumpoto kwa Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo chakufupi ndi bomali kuli phiri la Michesi, lolekanitsidwa ndi phiri lalikululo ndi mpata wa Fort Lister. Mapiri otere amakhudza kamvekedwe ka wailesi, chifukwa mafunde a FM, omwe amaulutsidwa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, amayenda pafupifupi molunjika, kotero kuti mudzi umene uli kuseri kwa thanthwe, kumbali yosayang'anana ndi nsanja, umalandira mafunde ofooka ngakhale utakhala kuti suli kutali kwenikweni. Mafunde a medium wave amatsata nthaka ndipo usiku amafika kutali, pamene a short wave amakagunda mlengalenga n'kubwerera pansi, motero phiri siliwatchinga monga limachitira ndi a FM. Mafunde akafika ali ofooka, mphamvu iliyonse yotayika m'eriyo, m'waya wotsika nayo ndi m'koilo imakhala ya mtengo wapatali, pakuti ndiyo imasiyanitsa mawu omveka bwino ndi phokoso lopanda tanthauzo. Kwa anthu a m'dera limene linaona napolo wa mu Malichi 1991 komanso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, wailesi yomveka bwino si ya nyimbo ndi mpira wokha ayi, koma ndi njira yolandirira machenjezo a zanyengo pamene lamya zatha moto kapena netiweki yadukiza.

Luso lopanga zipangizo za wailesi ndi manja si lachilendo m'dera lozungulira phirili. Mu 2009 dziko lonse linamva za Gabriel Kondesi, mnyamata wa m'boma la Mulanje amene anapanga yekha wailesi yotchedwa Pachikweza pogwiritsa ntchito zipangizo zakale, ndipo ngakhale khoti linamulipitsa chindapusa cha K50,000 chifukwa choulutsa mawu popanda chiphaso, anthu ambiri anayamikira luso lake. William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene anatchuka ndi makina opanga magetsi kuchokera ku mphepo, nayenso anayamba ndi kumasula ndi kukonza mawailesi. Anthu otere amaphunzira poyesa ndi kulakwitsa, ndipo kuyesako kumafupika kwambiri ngati munthu akudziwa chifukwa chimene waya wina amagwirira bwino ntchito pamene wina, wooneka wolimba ndi wonenepa, amalephera.

Magetsi oyenda mbali imodzi ndi magetsi otembenukatembenuka

Magetsi a batire kapena a sola amayenda mbali imodzi yokha, ndipo amadzaza waya yense mofanana, kuyambira pamtima pake mpaka kunja. Magetsi a ESCOM ndi osiyana, chifukwa amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi iliyonse, ndipo chiwerengero cha maulendo amenewa chimatchedwa frequency, chomwe chimayezedwa mu hertz, mwachidule Hz. Maulendo 1,000 pa sekondi ndi 1 kHz, pamene maulendo 1,000,000 pa sekondi ndi 1 MHz, kotero kuti m'koilo ya wailesi imene yatcheredwa pa 100 MHz magetsi amapita ndi kubwerera maulendo 100 miliyoni pa sekondi imodzi. Waya aliyense amakaniza pang'ono magetsi odutsamo, n'kusandutsa ina mwa mphamvu yake kukhala kutentha, ndipo kukaniza kumeneku kumatchedwa resistance. Pa magetsi a batire, resistance imadalira makamaka zinthu zitatu, zomwe ndi mtundu wa chitsulo, kutalika kwa waya ndi kunenepa kwake, koma pa magetsi otembenukatembenuka pamabwera chinthu chachinayi, chomwe ndi frequency.

Chifukwa chake chimachokera pa ubale wa magetsi ndi maginito. Magetsi akamayenda m'waya amapanga mphamvu ya maginito yozungulira wayayo, kunja kwake ndi m'kati mwake momwe. Mu 1831 Michael Faraday anaonetsa kuti mphamvu ya maginito ikamasintha imadzutsa magetsi m'chitsulo chilichonse chimene chili pafupi, ndipo mu 1834 Heinrich Lenz anafotokoza kuti magetsi odzutsidwawo amayenda molimbana ndi kusintha kumene kwawadzutsa. M'waya wonyamula magetsi otembenukatembenuka, mphamvu ya maginito imasintha mosalekeza, motero imadzutsa timagetsi tozungulira m'kati mwa waya yemweyo, tomwe pamtima pa waya timayenda motsutsana ndi magetsi enieniwo pamene chakunja timayenda mogwirizana nawo. Zotsatira zake n'zakuti pakati pa waya pamatsala pafupifupi popanda ntchito, ndipo magetsi onse amapanikizana m'khungu. Frequency ikamakwera, kusinthako kumafulumira, timagetsi totsutsa tija timakula, ndipo khungu lonyamula magetsilo limapyapyala moonjezereka. Horace Lamb anafotokoza zimenezi mwa masamu mu 1883 pa zitsulo zobulungira, ndipo mu 1885 Oliver Heaviside anazifotokoza pa zitsulo za maonekedwe ena alionse.

Kuchindikala kwa khungulo

Magetsi saima mwadzidzidzi pa malire ena ake, koma amachepa pang'onopang'ono kuchokera pamwamba kulowa m'kati, ndipo akatswiri anagwirizana zoyeza khungulo pa malo pamene magetsi atsika kufika magawo 37 pa 100 a magetsi a pamwamba penipeni. Mtunda umenewu umatchedwa skin depth, ndipo munthu akalowa m'kati kasanu kuposa pamenepo amapeza kuti magetsi otsala sakwana ngakhale gawo limodzi pa 100. M'waya wa kopa, pa 50 Hz ya ESCOM, skin depth ndi mamilimita 9 ndi pang'ono, zomwe zikutanthauza kuti mawaya a m'nyumba, omwe ndi ochepa kuposa pamenepo, amanyamula magetsi m'thupi mwawo monse, ndipo wokoka magetsi m'nyumba alibe chifukwa choganizira nkhaniyi. Pa 100 kHz khungulo limatsika kufika pafupifupi mamilimita 0.2, pa 1 MHz, yomwe ili pakati pa medium wave, limafika mamilimita 0.066, kuchindikala kofanana ndi tsitsi limodzi la m'mutu, pa 10 MHz limafika mamilimita 0.021, ndipo pa 100 MHz ya FM limangotsala mamilimita 0.0066 basi. Lamulo lake ndi losavuta kulisunga: frequency ikakwera ka 100, khungu limapyapyala ka 10.

Tanthauzo la manambalawa limaoneka bwino pa waya wa kopa wa milimita imodzi, muyeso wodutsa pakati pake. Pa 1 MHz resistance ya waya ameneyu imakhala pafupifupi kanayi kuposa imene mita ya mmisiri imaonetsa, ndipo pa 100 MHz imayandikira ka 40, chifukwa mitayo imayeza ndi magetsi a batire amene amadutsa m'waya monse. Pali chinthu chinanso chimene chimasintha. Pa magetsi a batire, waya wonenepa kawiri amachepetsa resistance kanayi, koma pa ma frequency a wailesi amangoichepetsa kawiri, popeza chimene chikugwira ntchito ndi kukula kwa khungu lozungulira wayayo, osati kuchuluka kwa chitsulo cha m'kati. N'chifukwa chake makoilo a makina aakulu oulutsira mawu amapangidwa ndi mapaipi a kopa a mphako kapena malamba a kopa aphwatalala, ndipo paipi ya kopa ya m'firiji yakale imagwira ntchito mofanana ndi ndodo ya kopa yopanda mphako ya kukula komweko, pamene ndi yopepuka, yosavuta kupinda ndiponso yotsika mtengo.

Mmene resistance imaonongera ntchito ya koilo

Koilo ndi kapasita zikalumikizidwa pamodzi zimapatsirana mphamvu mobwerezabwereza pa frequency imodzi imene zimagwirizana nayo, ndipo kupotokola kotcherera wailesi kumasintha frequency imeneyo. Pa kupatsirana kulikonse, resistance ya koilo imadyako mphamvu pang'ono, ndipo muyeso wa ubwino wa koilo pa nkhani imeneyi umatchedwa Q: koilo yotaya mphamvu zochepa imakhala ndi Q yokwera. Q imalamulanso kuthekera kwa wailesi kosiyanitsa masiteshoni oyandikana, chifukwa kukula kwa mpata umene koilo imalola mafunde kudutsa kumapezeka pogawa frequency ndi Q. Pa 1 MHz, koilo ya Q ya 100 imatsegula mpata wa 10 kHz, womwe ndi woyandikana ndi 9 kHz imene imalekanitsa masiteshoni a medium wave mu Africa, pamene koilo ya Q ya 20 imatsegula mpata wa 50 kHz, momwe masiteshoni angapo angalowe nthawi imodzi. Wailesi imene usiku imasakaniza mawu a masiteshoni awiri kapena atatu, makamaka yopangidwa pamanja yokhala ndi koilo imodzi yokha, kawirikawiri vuto lake limakhala pamenepa.

Waya akakulungidwa pamabweranso vuto lachiwiri, lotchedwa proximity effect, lomwe limayamba chifukwa chakuti mphamvu ya maginito ya mkombero umodzi imalowerera m'mikombero yoyandikana nayo n'kukankhira magetsi ku mbali imodzi ya khungu, kotero kuti ngakhale khungu lopyapyalalo siligwira ntchito lonse. M'koilo yothinana, makamaka ya mikombero yosanjikizana, vuto limeneli limatha kuposa skin effect yeniyeniyo. Njira yochepetsera ndi kukulunga mzere umodzi wokha ndi kusiya mpata pakati pa mikombero, ndipo amisiri ambiri amasiya mpata wofanana ndi kunenepa kwa waya amene akugwiritsa ntchito. Ichi ndi chifukwa chake koilo ya FM imakhala ya mikombero itatu, inayi kapena isanu ya waya wonenepako, yotalikirana ndi yoima yokha popanda chokulungirapo.

Pa medium wave pamafunika mikombero makumi angapo pa malo ochepa, ndipo yankho lake ndi waya wotchedwa litz, amene amapezeka atakulungidwa pa kandodo kakuda ka ferrite m'mawailesi ambiri akale. Waya ameneyu amapangidwa ndi timawaya tambirimbiri topyapyala, kalikonse kokutidwa ndi vanishi yakeyake kuti kasakhudzane ndi kanzake, ndipo timapotedwa mwa njira yakuti kalikonse kamakhalako kunja ndi m'kati mosinthanasinthana, motero magetsi amagawanika pa tonse. Waya wamba wa timawaya tambiri, monga wa m'galimoto kapena wa sipika, sathandiza mwa njira imeneyi, chifukwa timawaya take timakhudzana ndipo magetsi amathawirabe ku timawaya takunja. Phindu la litz limaoneka kuyambira pa ma kHz makumi angapo mpaka cha m'ma 1 kapena 2 MHz, ndipo kupitirira apo limatha, kotero kuti pa short wave ndi FM waya mmodzi wonenepa ndiye woyenera. Polumikiza litz, kawaya kalikonse kayenera kuchotsedwa vanishi kunsonga ndi kugwidwa ndi solder, pakuti timawaya totsala tosalumikizidwa timatsitsa Q. Waya yemweyu ndi amene ali m'zotchajira lamya zopanda chingwe, zomwe zimagwira ntchito cha pakati pa 100 ndi 200 kHz.

Zitsulo ndi kusiyana kwake

Kopa ndiye muyeso wa zitsulo zonse pa nkhaniyi, chifukwa amadutsitsa bwino magetsi, amapindika mosavuta ndipo amagwira solder popanda vuto. Dziko la Zambia, loyandikana ndi Malawi, limakumba kopa wambiri, ndipo ku Luanshya kuli kampani ya ZAMEFA yopanga mawaya ndi nthambo. Siliva yekha ndiye amaposa kopa, ndi magawo pafupifupi 6 pa 100, koma pa ma frequency okwera phindu limeneli limatsika kufika pafupifupi magawo 3 pa 100, chifukwa chitsulo chodutsitsa bwino magetsi chimakhalanso ndi khungu lopyapyala kwambiri, ndipo ziwirizi zimachepetsana. Golide amadutsitsa magetsi pafupifupi magawo 70 pa 100 a kopa, ndipo amapakidwa pa zolumikizira chifukwa sachita dzimbiri, osati chifukwa choposa kopa. Wokulunga koilo wa kumudzi, choncho, sataya kanthu kenikeni posowa waya wokutidwa ndi siliva.

Aluminiyamu ali ndi ubale wapadera ndi Phiri la Mulanje, popeza pamwamba pake, makamaka ku Lichenya, pali miyala ya bauxite imene chitsulochi chimachokera, yomwe katswiri wa miyala Frank Dixey anaizindikira mu 1924, ngakhale kuti maganizo oikumba akhala akukumana ndi nkhawa za madzi ndi nkhalango za phirili, komanso ndi kuchuluka kwa magetsi ofunika poyenga chitsulochi. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi magawo 61 pa 100 a kopa, kutanthauza kuti pa magetsi a batire resistance yake imaposa ya kopa ndi magawo oposa 60 pa 100, koma pa ma frequency a wailesi imangoposa ndi magawo pafupifupi 28 pa 100, popeza khungu lake ndi lochindikalako. Kusiyana kumeneku kumatha ngati munthu asankha waya kapena paipi yokulirapo pang'ono, ndipo n'chifukwa chake maeriyo ambiri a wailesi ndi a kanema ndi a aluminiyamu. Vuto lake lili pa kulumikiza, chifukwa chitsulochi chikangokhudzana ndi mpweya chimadzikuta ndi kachikutu kosaoneka komwe kamakana solder wamba ndiponso sikadutsitsa magetsi, ndipo chikamangidwa pamodzi ndi kopa pamalo a chinyezi chimadyeka mofulumira.

Chitsulo wamba, monga waya wa mpanda, waya womangira kapena sipoko ya njinga, ndicho choipitsitsa pa koilo, ndipo chifukwa chake chachikulu ndi chakuti chimakokedwa ndi maginito. Chitsulo chotere chimakulitsa mphamvu ya maginito m'kati mwake kambirimbiri, motero skin effect imakula kwambiri, moti ngakhale pa 50 Hz khungu lake limakhala pafupifupi milimita imodzi yokha, ndipo pa medium wave ndi short wave resistance yake imatha kuposa ya kopa wa kukula komweko kakhumi kapena kupitirira. Mfundo ya nkhaniyi ndi yakuti kunenepa ndi kulimba kwa waya sikunena kanthu za ubwino wake pa mafunde a wailesi. Nickel, amene amakutira zitsulo zambiri zonyezimira, nayenso amakokedwa ndi maginito ndipo ali ndi vuto lomwelo, pamene brass, wa chikasu uja wa m'maloko ndi m'mipope, amadutsitsa magetsi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kopa, ndipo tin, amene amakutira mawaya ena ndiponso ali m'solder, amachepera pamenepo. Popeza pa 100 MHz magetsi amayenda m'khungu la mamilimita 0.0066, chitsulo chokutira pamwamba pa waya ndicho chimasanduka njira ya magetsi, kotero kuti kumata solder pa koilo yonse ya FM poganiza kuti ikulimbitsidwa kumangoonjezera resistance.

Khalidwe lomweli limathanso kugwiritsidwa ntchito mopindulitsa. Kawaya ka pakati ka nthambo zambiri za dishi ndi za eriyo ya kanema ndi kachitsulo kokutidwa ndi kopa wopyapyala, ndipo pa ma frequency okwera kamagwira ntchito ngati kopa weniweni chifukwa magetsi safika pa chitsulocho, koma kawaya komweko sikayenera kunyamula magetsi a sola kapena a batire, omwe amafuna waya yense. Nthambo zikuluzikulu za magetsi zodutsa m'mapolo nazo nthawi zambiri zimakhala ndi chitsulo pakati cholimbitsa ndi aluminiyamu kunja wonyamula magetsi. Kuyeneranso kudziwika kuti eriyo siivutika ndi resistance monga koilo: eriyo ya FM ya ndodo ziwiri, iliyonse yotalika pafupifupi masentimita 72, imagwira bwino ntchito ndi aluminiyamu ngakhalenso ndi waya wa galata amene sanachite dzimbiri, chifukwa mphamvu yotayika m'ndodo zazifupi chotere ndi yochepa poyerekeza ndi imene ikulandiridwa. Kopa wabwino, akakhala wochepa, ayenera kusungidwira koilo.

Kuzindikira waya wa m'zipangizo zakale

Ambiri okulunga makoilo amapeza waya pomasula mathiransifoma a mawailesi akufa, mamota a mafani, madainamo a njinga ndi makanema akale, ndipo waya ameneyu amakhala wokutidwa kale ndi vanishi, zomwe zimamuteteza ku chinyezi ndi kukhudzana kwa mikombero. Komabe si waya aliyense wofiirira amene ndi kopa, chifukwa zipangizo zambiri zotsika mtengo zimakulungidwa ndi aluminiyamu wopakidwa vanishi yofiirira kapena wokutidwa ndi kopa wopyapyala. Maginito a sipika yakale amaulula chitsulo pochikoka, pamene kopa ndi aluminiyamu sakokedwa. Kupala waya ndi mpeni kumaonetsa mtundu wa m'kati, womwe umakhala wofiirira ngati ndi kopa ndi woyera ngati ndi aluminiyamu, ndipo aluminiyamu amapepuka kuposa katatu poyerekeza ndi kopa wa kukula komweko. Moto nawonso umasiyanitsa, popeza aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 pamene kopa amafuna madigiri 1,085, kotero kuti kawaya kopyapyala ka aluminiyamu kamafooka n'kugwa pa lawi pamene ka kopa kamangofiira. Waya womasulidwa ayenera kuongoledwa mosamala kuti vanishi isasweke, chifukwa mikombero iwiri ikakhudzana pamalo oswekawo imapanga mkombero wotsekeka umene umameza mphamvu ya koilo yonse. Waya wochokera ku mathiransifoma ndi nthambo zakuba wa m'mapolo a magetsi sayenera kugulidwa konse, chifukwa kutero ndi mlandu ndipo kumasiya midzi, zigayo ndi zipatala mumdima, ndiponso koilo ya wailesi imangofuna mamita ochepa amene wailesi imodzi yakufa ingapereke.

Chokulungirapo nacho chimakhudza Q. Paipi ya pulasitiki youma imagwira bwino ntchito, pamene nsungwi, thabwa ndi katoni zimamwa chinyezi, ndipo chinyezicho chimadya mphamvu ndi kusuntha frequency, makamaka nthawi ya dzinja ndi masiku a chiperoni, ngakhale kuti mbali ya Phalombe imalandira mvula yochepa poyerekeza ndi mbali ya minda ya tiyi. Nsungwi ikaumitsidwa bwino n'kupakidwa vanishi kapena phula la kandulo imatha kugwiritsidwa ntchito pa medium wave. Koilo iyenera kutalikirana ndi malata, misomali ndi bokosi lachitsulo, chifukwa mphamvu yake ya maginito imadzutsa magetsi m'zitsulozo n'kutayikira momwemo. Pamalo olumikizira ndi pamene dzimbiri limaononga kwambiri, motero nsonga za waya ziyenera kupalidwa mpaka kuwala, kugwidwa ndi solder wokwanira kungolumikiza, ndipo zikakhala panja ziyenera kukutidwa kuti madzi asalowe.

Ngozi ndi malamulo

Pali chikhulupiriro choopsa pakati pa okonda koilo ya Tesla, chipangizo chotulutsa malawi a magetsi chimene Nikola Tesla anachipanga mu 1891, chakuti magetsi a frequency yokwera sangavulaze munthu chifukwa amangoyenda pakhungu lake monga amachitira pa waya. Zimenezi si zoona, chifukwa khungu lopyapyala limapezeka m'zitsulo zodutsitsa bwino magetsi, pamene thupi la munthu limadutsitsa magetsi mofooka kwambiri poyerekeza ndi kopa, kotero kuti pa ma frequency amenewa magetsi amalowa mpaka m'mnofu. Chimene chimanyenga n'chakuti mitsempha siimva kugwedeza kwa magetsi othamanga chotere, motero munthu amatha kupsa m'kati asanamve ululu wokwanira kumuchenjeza, ndiponso mbali yodyetsa koiloyo, yokhala ndi thiransifoma ndi makapasita osunga mphamvu ngakhale atazimitsidwa, imatha kupha nthawi yomweyo. Eriyo yaitali yokwezedwa pa nsungwi kapena pa mtengo imakopanso mphenzi, ndipo iyenera kuchotsedwa ku wailesi ndi kulumikizidwa ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka mvula ya mabingu isanayambe, komanso isamangidwe pafupi ndi nthambo za magetsi.

Kupanga chipangizo cholandirira mafunde ndi chinthu china, ndipo kuulutsa ndi chinthu chinanso. Bungwe la MACRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998, ndilo limagawa ma frequency ndi kupereka ziphaso, ndipo chifukwa cha lamuloli n'chomveka kwa aliyense wodziwa za Q: makina oulutsira okhala ndi makoilo osakonzedwa bwino amataya mafunde pa ma frequency ena, ndipo pamwamba penipeni pa FM, kuyambira pa 108 MHz, pali mafunde otsogolera ndege. Kwa wofuna kuulutsa monga chizolowezi chophunzirira, njira yovomerezeka ndi chiphaso cha amateur radio, ndipo mayina oitanira a Malawi pa mafunde amenewa amayamba ndi 7Q.

Zonsezi zikusonyeza kuti koilo yabwino siidalira ndalama zambiri koma kudziwa kumene magetsi akudutsa. Wokulunga amene wamvetsa zimenezi amasankha litz wa m'wailesi yakale pa medium wave, waya mmodzi wa kopa wonenepa ndi wotalikirana mikombero pa short wave ndi FM, paipi ya kopa pamene mphamvu ndi yaikulu, aluminiyamu pa eriyo, ndipo chitsulo amachisiyira ntchito yolimbitsa basi. Phunziroli ndi loyenera kuphunzitsidwa ndi manja m'makalabu a sayansi a sukulu za sekondale za ku Phalombe ndi m'maphunziro a luso la zamagetsi amene TEVETA imayang'anira, popeza makoilo awiri ofanana mikombero, ina ya kopa ndi ina ya waya wa mpanda, akaikidwa mosinthana pa wailesi imodzi amaonetsa kusiyanako m'makutu mwa wophunzira popanda chipangizo chodula. Mwana amene wamva kusiyana kumeneko ali kale pa chiyambi cha maphunziro amene amapitirizidwa ku MUBAS mu Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo, ndipo dera lake limapindula ndi mmisiri wotha kukonza wailesi mozindikira chimene akuchita.